Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Pa bwato la thanga ku zilumba za Bazaruto

M'gawo lapitalo ndinalekezera pamene ntchito yanga ya kontrakiti inatha ku Vilankulo, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique. Anzanga anamanga katundu n'kumapita, ine ndinatsala. Miyezi yonse ija ndinkangoona zilumba zili mbuu cha kum'mawa, ndipo mtima sunalole kuti ndichoke ndisanakapondeko. Tinagwirizana ndi mnzanga wina kuti tisonkherane tipeze bwato. A injini othamanga analipo ambiri, koma thumba lathu linaloza la thanga, lamatabwa, lomwe asodzi a kumeneko akhala akuyendera kuyambira kalekale.

Mwini bwato anali bambo wachikulire wobadwira pa chilumba cha Benguerra, ndipo ankayenda ndi mdzukulu wake amene ankagwira zingwe. Nditawafunsa kuti, "Bambo, mawa tinyamuka nthawi yanji?" anayamba aseka. "Mwana wanga, kuno sitifunsa wotchi. Madzi akafika pa mtengo uwo, mundipeze m'bwato."

Ankanena zoona. Nyanja ya kumeneko imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu kusiyana kwake kumatha kupitirira mamita 4. Pakati pa Vilankulo ndi zilumbazo madzi ndi osaya. Akaphwa amasiya mchenga pamtetete mtunda wautali, mabwato n'kugona cham'mbali, amayi n'kumayenda ndi madengu pomwe m'mawa panali nyanja. Akamabwerera amathamanga m'timakwalala tokumbika pakati pa milu ya mchenga, ndipo timakwalalato timasuntha chaka ndi chaka. Achikulire aja analibe mapu ngakhale kampasi. Ankawerenga mtundu wa madzi: obiriwira motuwa ndi osaya, a buluu wakuda ndi akuya, a khofi ndiye kuti pansi pali udzu.

Thanga lake ndi la makona atatu, lomangidwa pa mtengo wautali wopendekeka umene amaukweza pa mlongoti ndi chingwe. Lathu linali la zigamba zokhazokha. Mphepo ikamachokera kumbuyo kapena m'mbali, bwato limayenda mokoma, ndipo chomwe umamva ndi madzi akunyambita matabwa basi. Ikachokera kutsogolo ndiye ntchito imakula. Bwato lotere lilibe msana wozama pansi, choncho limatsetsereka cham'mbali, ndipo kuti ufike pomwe ukupaona ndi maso umayenda mokhotakhota. Pokhota paliponse mnyamata uja ankamasula chingwe, n'kuzunguliza mtengo wonse wa thanga kutsogolo kwa mlongoti, agogo ake atagwira tsigiro n'kumakuwa. Ife alendo ntchito yathu inali kuweramitsa mitu ndi kukapa madzi ndi chigubu chodula. Kainjini kakang'ono kanalipo kumbuyo, koma ankakalizira pokhapokha mphepo ikafa.

Zilumbazi zili m'paki, malo otetezedwa ndi boma, ndipo zilipo zisanu: Bazaruto, chomwe ndi chachikulu, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi Bangué. Malowa anayamba kutetezedwa mu 1971, dziko lidakali m'manja mwa Apwitikizi, ndipo cholinga chachikulu chinali kupulumutsa akamba a m'nyanja ndi nyama yotchedwa dugong. Mu 2001 malire anakulitsidwa mpaka masikweya kilomita 1,430, ndipo mbali yaikulu ya malowa ndi madzi. Kuyambira mu Disembala 2017 pakiyi ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi ANAC, nthambi ya boma yoona za malo otetezedwa, pa mgwirizano wa zaka 25. Alonda ake tinakumana nawo tisanafike n'komwe pa Magaruque. Anayandikira ndi boti lawo, anapereka moni, anaona ziphaso zathu zolowera, kenako anasuzumira pansi pa mabenchi. Sankafuna kanthu kwa ife. Ankayang'ana ukonde.

Za Magaruque ndinene mwachidule. Ndi kachilumba kakang'ono kokhala ndi mpanda wa miyala m'mphepete, pomwe madzi amakukoka pang'onopang'ono iwe ukuonera nsomba ndi galasi la kumaso. N'kokongola, ndipo aliyense amene anapitako ali ndi chithunzi chofanana ndi changa. Zomwezonso ndi phiri la mchenga la kumwera kwa Bazaruto. Tinalikwera chokwawa, mapazi akupsa, ndipo pamwamba pake tinaona mbali imodzi mafunde a Indian Ocean akumenya, mbali ina madzi odekha a mitundumitundu. Chomwe chinandidabwitsa pamenepo ndi timanyanja ta madzi opanda mchere kuseri kwa mchengawo, momwe mumakhala ng'ona. Ng'ona pa chilumba cha pakati pa nyanja ya mchere! Kalekale zilumbazi zinali zolumikizana ndi mtunda, madzi atakwera n'kuzidula, nyama zina zinatsalira komweko. Santa Carolina yokha ndiyo chilumba cha thanthwe, zinazo ndi mchenga wounjikana.

Koma chimene chinandikhalira m'mutu pa ulendowu si magombe oyera aja. Ndi madzi a khofi amene boti la injini limangowadutsa liwiro.

Tsiku lina masana mphepo inachepa tili kumadzulo kwa Bazaruto, ndipo bwato linkangokwawa. Achikulire anakana kuliza injini. Anati tiyang'ane pansi. Madzi anali ofika m'khosi mwa munthu, oyera mbee, ndipo pansi ponse panali udzu waufupi, masamba ake ang'onoang'ono akugwedezeka. Pakati pa udzuwo panali mizere yoyera yokhotakhota, yotambalala ngati chikhatho, ngati kuti wina wadutsa ndi khasu akupalira mosasamala. "Wadya pano usiku wathawu," anatero. Dugong amadya udzu umenewu pozula ndi mizu yomwe, mlomo wake uli choloza pansi, n'kumasiya mizere yotereyi. Tinaitsatira ndi maso kwa nthawi yaitali. Kenako mnyamata uja anandigwira phewa osalankhula. Kutsogolo kunamveka kuti phwii, msana wofiirira unatumphuka, ndipo ndisanatulutse foni unali utamira. Ndi zokhazo zimene ndinaona za dugong, ndipo achikulire anati ndili ndi mwayi, pali anthu obadwira pomwepo amene amatha chaka osamuona.

Nyamayi si nsomba. Imayamwitsa, imapuma mpweya, ndipo pakangopita mphindi zochepa iyenera kutulutsa mphuno pamwamba. Imatalika pafupifupi mamita 3, imatha kukhala ndi moyo zaka 70, koma imaswana mochedwa kwambiri: bere lake limapitirira chaka, mwana ndi mmodzi, ndipo pamadutsa zaka zitatu kapena kuposerapo isanabereke wina. Kale inkapezeka m'gombe lonse la kum'mawa kwa Africa. Lero gulu lokhalo lomwe lingathe kuswana n'kupitirira ndi la ku Bazaruto. Mu Disembala 2022 bungwe la IUCN, loona za kuteteza chilengedwe pa dziko lonse, linaika ma dugong a kum'mawa kwa Africa m'gulu la nyama zimene zatsala pang'ono kutheratu, ponena kuti akuluakulu otsala sakukwana 250.

Chimene chimawapha kwambiri ndi matchera, makamaka a maso akuluakulu otchera shaki. Ukondewo amausiya m'madzi usiku wonse. Dugong akakodwamo salumidwa kapena kubayidwa, amangolephera kukwera kukapuma, n'kufa. Akamba a m'nyanja, omwe kumeneko alipo mitundu isanu, amafa imfa yomweyo. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake alonda aja anasuzumira pansi pa mabenchi m'malo mosecha zikwama zathu. Matchera otere ndi oletsedwa m'pakimo. Malamulo enawo, oti osatola zigoba, osaponya nangula pa makorali (miyala yamoyo ya pansi pa nyanja), osawedza pa malo a makorali otchedwa Two Mile Reef, osagona pa chilumba paliponse pomwe wafuna, kwa mlendo ndi opepuka. Lamulo la ukonde ndi limene limalemera, ndipo amene amalisenza ndi eni dera.

Paja pakiyi si chipululu. Pa zilumba zitatu pamakhala anthu masauzande angapo, ambiri olankhula Xitswa, ndipo pafupifupi banja lililonse limadalira nyanja. Ena makolo awo anabadwira pomwepo, ena anathawirako nthawi ya nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992. Madzulo ena tili pagombe la kumtunda komwe tinkagona, tiyi akuwira pa bokosi la mchenga lomwe amasonkhapo moto m'bwato, ndinawafunsa achikulire ngati iwo anatcherako matchera. Anati eya, zaka zambiri, ndipo ana awo anaphunzira ndi ndalama ya ukonde umenewo. "Nanga lero mumaliona bwanji lamuloli, bambo?" Anakhala kaye chete akukoleza moto. "Nyama zija zinalidi kutha, ndinaziona ndi maso angawa. Ine ndili ndi bwato, ndimanyamula anthu ngati inu. Koma mufunse amene alibe bwato."

Sindinawafunse ena aja, koma ndinawaona. Madzi akaphwa amayi ndi ana amatsikira pa mchenga kukatola nkhono za m'nyanja, abambo amakoka khoka m'malo ololedwa. Gawo lina la ndalama zimene alendo amalipira polowa limabwerera kwa anthu a pa zilumbazo, ndipo ena mwa alonda ndi ana a komweko. Maganizo anga ndi akuti zimenezi si zokomera mtima munthu ayi, ndi malipiro oyenera. Ine ndinabwera, ndinaona msana wa dugong kamphindi, ndinapita. Woti asiye ukonde wake pakhomo kuti nyamayo ikhalepo ndi amene amadzuka pomwepo tsiku lililonse. Ndimakayikira munthu aliyense amene amakamba za kuteteza chilengedwe ngati kuti palibe amene amalipira.

Ndionjezepo za thanga. Anthu ambiri amaliona ngati chinthu chojambulitsa chithunzi dzuwa likamalowa. Pa madzi osaya ngati amenewa lili ndi ubwino weniweni. Pulopela ya boti lothamanga imadula udzu wa pansi ndipo imatha kutema nyama imene yakwera kudzapuma, pomwe phokoso lake limathamangitsa chilichonse usanachione. Ife ma dolphin ankatiyandikira mpaka kumva kupuma kwawo. Unali mwezi wa Ogasiti, nyengo imene anangumi amabwera kuchokera ku madzi ozizira a kumwera kudzaswana, ndipo titatulukira pa mpata wa pakati pa Benguerra ndi Bazaruto tinaona mmodzi patali akuponya madzi m'mwamba. Kuipa kwa thanga nakonso ndisabise. Dzuwa limakuwotcha popanda pothawira, matako amachita dzanzi pa thabwa, ndipo ukachedwa pang'ono madzi amakuthawa. Zinatichitikira pafupi ndi Benguerra: bwato linakhala pa mchenga kuti khwaa, ndipo panalibe chochita koma kutsika, kuponya nangula pouma ndi kudikira maola angapo kuti nyanja ibwerere. Mnzanga anadandaula. Achikulire anafunda nsalu kumutu n'kugona tulo.

Tinkafuna titafika kumpoto kwenikweni kwa Bazaruto, komwe kuli nsanja yakale ya nyali yotsogolera zombo, imene Apwitikizi anamanga zaka zoposa 100 zapitazo. Chilumbacho ndi chotalika makilomita oposa 30, ndipo mphepo ya kumwera imene ikanatikankha popita ndi yomweyo imene ikanatikaniza pobwerera. Achikulire anayang'ana mitambo, ananyowetsa chala, n'kunena kuti ayi. Tinatembenuza thanga kuloza ku Santa Carolina, kachilumba kokhala ndi hotela yakale imene inasiyidwa n'kumagwa yokha, komwe kumayang'anizana ndi tauni ya Inhassoro ya kumtunda. Kumeneko n'kumene ndinakumana ndi munthu amene anandipezera ntchito yanga yotsatira, ndipo nkhani imeneyo ndidzaikamba m'gawo 15.