Chombo changa chinamira patebulo pouma

Choyamba, chombo changa choseweretsa sichinaphulike. Amene akufalitsa zoti chinaphulika sanalipo, ndipo amene analipo ankaseka mpaka kutsinzina, ndiye umboni wawo musaudalire. Chinangogona cham'mbali, pang'onopang'ono, mwaulemu wake, ngati nkhalamba yotopa ndi macheza.

Chachiwiri, mlanduwu si wanga ndekha. Ine ndi anzanga timasewera nkhondo ya tizidole patebulo, ndipo tinapangana kuti masewera otsatira akhale a padoko: tizidole ta mamilimita 28, ma elf uku, ma dwarf uko (mitundu iwiri ya anthu a m'nthano), pakati pa tebulo chombo chankhondo choti azilimbirana. Ine pakamwa panandiyabwa, ndinati ndipanga ndine. Chotsala chinali kusankha: cha matanga kapena cha nthunzi?

Mwini ma elf ankafuna chonga HMS Victory ya ku Britain, ya pankhondo ya ku Trafalgar mu 1805, milongoti itatu, mizinga yoposa 100 itasuzumira m'mbali. Akuti ma elf sangakwere chinthu chonunkha malasha. Mwini ma dwarf anati iye zoyanika nsalu sakufuna, akufuna chachitsulo ngati USS Monitor ya ku America ya mu 1862, chafulati ngati thireyi, pakati pali kanyumba kozungulira ka mizinga iwiri, kwatha. Ndipo mkuluyu ankanena zoona. Chombo cha patebulo ndi bwalo lomenyerapo nkhondo. Zidole ziime osagwa, dzanja lilowe ndi tepi yoyezera, aliyense aone amene wabisala kuseri kwa chiyani. Cha matanga chimakongola pachithunzi, koma kaulusi kalikonse ndi msampha wa zala.

Ndinamva zonsezi, ndinagwedeza mutu ngati munthu wanzeru, kenako ndinakasankha zonse ziwiri.

Musandiyang'ane choncho. Kuyambira cha m'ma 1850 mpaka 1870 akatswiri enieni ankachita zomwezi. Napoléon ya ku France ya mu 1850 inali ndi injini ndi matanga omwe. HMS Warrior ya mu 1860, yachitsulo thupi lonse, inali ndi milongoti itatu ndi machumuni awiri otha kutsitsidwa, ndipo pulopela yake ankaitukula m'madzi akafuna kuyenda ndi mphepo yokha. Malasha ankatha msanga paulendo wautali, pomwe mphepo inali yaulere. Ine ndinangotsata mapazi a akuluakulu, kungoti ndinawapitirira pang'ono.

Thupi ndinasema ndi fomu, yopepuka ngati nthenga. Pamwamba ndinadzala milongoti itatu, uliwonse wautali ngati mkono wanga, ndipo nditayang'anitsitsa ndinaona kuti wachinayi ukusowa. Machumuni awiri a paipi ya pulasitiki. Magudumu opalasira madzi uku ndi uku, chikhalirecho ndikudziwa bwino lomwe kuti mu 1845 anamangirira HMS Rattler ya pulopela ndi HMS Alecto ya magudumu kuti zikokane, ndipo Alecto inakokedwa chafutambuyo. Koma magudumu amakongola. Pulopela ndinaikanso, kuti pasapezeke wodandaula. Kanyumba ka mizinga kanali kachitini, ndipo poti pansi malo anali atatha, ndinakakweza pansanja. Utsi unali thonje lodetsa ndi penti, lozengereza pa waya. Matanga anali nsalu yoviika mu guluu, ataumira chotupa ngati akuwombedwa ndi namondwe amene ena tonse sitikumumva.

Pali kanthu kena komwe ndikanakonda kusatchula. Opanga zombo za patebulo amadula thupi pomwe madzi amalekezera, kuti pansi pakhale fulati. Ine ndinati ayi, pulopela yanga ioneke. Ndinachisiya ndi chimimba chake chobulungira, n'kuchitsamiritsa pa tizidutswa ta fomu topenta ngati mafunde.

Tsikulo nditachivundukula kunangoti zii. Mwini ma dwarf anachizungulira kawiri, manja kumbuyo.

"Akulu, kutsogolo kwake ndi kuti?"

Funso lachipongwe, ngakhale ndivomereze kuti ndinayamba ndaganiza ndisanaloze.

Mphindi 40 zoyamba zinayenda bwino, ndipo izi palibe akuzinena. Ndiye mwini ma dwarf anatulutsa chimphona chake chachitsulo, chakale chija cholemera ngati loko wa pageti, n'kuchiimika pansanja ya mizinga. Akuti malamulo sakuletsa.

Panamveka kaphokoso kakang'ono, kuti tswii. Mlongoti wakutsogolo unapendekera kumanzere ngati ukufuna kumva zomwe tikunong'onezana. Utsi wathonje unanjenjemera. Ndiye elf mmodzi, woponya mivi, anayamba ulendo. Sanagwe ayi. Anatsetsereka chiimirire, uta uli m'manja, nkhope ili gwa, kudutsa anzake onse ngati munthu wochedwa kumsonkhano, kudutsa chumuni, kudutsa gudumu, n'kufika m'mphepete. Pamenepo anaima kaye. Ndikulumbira, anaima, ngati akulingalira za moyo wake. Kenako phava, pansalu yabuluu yomwe inali nyanja yathu. Wachiwiri anamutsatira mwaulemu womwewo. Wachitatu anapita chozungulira, kutitsanzika tonse mmodzimmodzi.

Ndinaponya dzanja kuti ndichigwire, batani la malaya n'kukodwa mu ulusi wa milongoti, ulusi womwewo womwe ndinachezera kumanga masiku atatu. Ndikakoka, chombo chikubwera. Ndikafewetsa, chikupita. Ndinangoti njo, chiweramire, dzanja m'matanga, thonje lakuda likundigirigisha mphuno. Anzanga akuti anali masekondi 10. Msana wanga ukuti theka la ola.

Wondithandiza panalibe. Mwini ma elf, misozi ili mbwee, anafunsa kuti, "Achimwene, ogwawa tiwaponyere dayisi tione ngati apulumuka?" Anaponyadi, ine ndidakali pomwepo. Awiri anapulumuka. Anayamba kukangana za wachitatu.

Ndinayetsemula. Batani linaduka, chombo chinagona, chimphona chinakagwera pakati pa ma dwarf ake omwe n'kugwetsa asanu, zomwe ndimaziona ngati chilungamo. Gudumu limodzi linatsala m'mwamba likuzungulirabe. Pa chombo chonsecho, ndi lokhalo lomwe ndinalipanga kuti lizizungulira, ndipo linasankha nthawi imeneyo kuonetsa luso langa.

Tsono musanayambe kunditchula mayina, kumbukirani Vasa. Mu 1628 mfumu ya Sweden inali ndi chombo chatsopano, chosemedwa mokongola, cholemera kumutu ngati changa, ndipo chinamira padoko la Stockholm paulendo woyamba, chisanayende n'komwe makilomita awiri. HMS Captain inaphatikiza matanga ndi tinyumba ta mizinga, n'kugubuduka ndi mphepo mu 1870, ndipo imeneyo si yoseketsa, panafa anthu mazanamazana. Amenewo anali ndi mapulani ndi akatswiri. Ine ndinali ndi guluu ndi chikhulupiriro, ndipo sipanafe munthu.

Sindinachikonze. Anzanga anakana, akuti chikhale chigonere. Panopa ndi chombo chosweka cha m'mphepete mwa nyanja, ndipo masewera aliwonse chimakhalapo, chifukwa chogona chonchi milongoti sitchinganso manja, zidole zimabisala bwino kuseri kwa machumuni. Sabata yatha mlendo wina anandifunsa kuti ndinachita bwanji kuti chioneke chowonongeka zenizeni chonchi. Ndinamuuza kuti zimafuna kudekha.

Batani lija sindinalipezebe. Chikagwedezeka pamamveka kanthu m'chumuni chakumbuyo.