Ulendo wa ku Kołobrzeg, mzinda umene Goebbels anaupangira filimu

Kuchokera ku Berlin ndinakwera sitima mpaka ku Szczecin, kumene ndinasinthira ina yolowera kugombe la nyanja ya Baltic, m'dziko la Poland. Ambiri amene ndinakwera nawo anali achikulire opita kukapuma ndi kukasamba madzi amchere, pakuti Kołobrzeg ndi wotchuka pa zimenezo. Ine chinandikoka ndi filimu yotchedwa Kolberg, dzina limene mzindawu unkadziwika nalo uli m'manja mwa Ajeremani.

Filimuyi inalamulidwa ndi Joseph Goebbels, nduna ya Hitler yofalitsa mfundo za chipani, mu 1943, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itayamba kuwatembenukira Ajeremani pambuyo pa kugonja kwa ku Stalingrad, ndipo amene anaitsogolera ndi Veit Harlan. Nkhani yake ndi ya mu 1807, pamene asilikali a Napoleon anazinga mzindawu koma analephera kuulanda. M'filimumo, mtsogoleri wa anthu wamba, Joachim Nettelbeck, amagwadira mkulu wa asilikali, Gneisenau, kumudandaulira kuti asapereke mzinda, chifukwa kuli bwino kukwiririka m'mabwinja ake kusiyana ndi kugonja. Uthenga umenewo sunali wopita kwa anthu a mu 1807 ayi, koma kwa amayi, okalamba ndi anyamata a mu 1945 amene boma linkafuna kuti afe ali chiimire. Ndalama zoposa 8 miliyoni za Reichsmark zinalowa pa ntchitoyi, ndipo asilikali masauzande anavekedwa yunifolomu zamakedzana n'kumathamanga kutsogolo kwa kamera pa nthawi imene anzawo ankatha kunkhondo yeniyeni. Inaonetsedwa koyamba pa 30 Januwale 1945 ku Berlin ndi ku La Rochelle, ku France, kumene gulu la Ajeremani linali litazingidwa.

Zimene filimuyi inabisa ndi zambiri. Kolberg sanapulumuke chifukwa chakuti Afalansa anathawa, koma chifukwa dziko la Prussia, limene mzindawu unali mbali yake, linali litagonja kale kwina, ndipo nkhondo inatha ndi pangano la ku Tilsit limene linalanda dzikolo pafupifupi theka la malo ake. Nettelbeck yemweyo, amene anajambulidwa ngati gogo wokonda kwawo, ali mnyamata anagwirapo ntchito pa zombo zonyamula akapolo kuchokera kugombe la Africa, ndipo ine monga munthu wakuda sindikanatha kuyenda m'misewu ya kwawo osakumbukira zimenezo.

Nditatsika sitima ndinayenda wapansi kulowera pakati pa mzinda, ndikuyembekezera tinjira takale ta miyala, koma zimene zinandichingamira ndi midadada ya nyumba zosanja za simenti, zomangidwa nkhondo itatha. Zakale zimene zatsala n'zowerengeka. Pali tchalitchi chachikulu cha njerwa zofiira chimene anachita kuchikonzanso, komanso nyumba ya khonsolo yomangidwa m'malo mwa ina imene inaphwasuka mu 1807. Chifukwa chimene zakale zinathera n'chakuti Kolberg analengezedwa kukhala linga losayenera kuperekedwa, ndipo patangopita milungu yochepa filimu ija itatuluka, kuyambira pa 4 mpaka pa 18 Malichi 1945, asilikali a Poland ndi a Soviet Union anamenyana ndi Ajeremani nyumba ndi nyumba. Anthu pafupifupi 70,000 anathawitsidwa pa zombo, ndipo nyumba pafupifupi 80 pa 100 zilizonse zinasanduka phulusa.

Madzulo ndinakwera nsanja younikira zombo imene ili pamene mtsinje wa Parsęta umathirira m'nyanja. Masitepe ake ndi opapatiza moti pokumana ndi wotsika mumachita kupanikizana, koma pamwamba pake doko lonse limaoneka bwino, lija limene mabanja anadzazana podikira zombo, mizinga ikugwa. Chapafupi pali chipilala chokumbukira mwambo wa pa 18 Malichi, pamene msilikali wa Poland anaponya mphete m'madzi posonyeza kuti dziko lake lakwatirana ndi nyanja.

Goebbels atamva kuti mzinda wagwa, analetsa kuti nkhaniyo itchulidwe m'chilengezo cha asilikali, poopa kuti ingaononge mphamvu ya filimu yake. Heinrich George, amene anasewera ngati Nettelbeck, anamwalira mu 1946 ali m'ndende ya Soviet Union ku Sachsenhausen. Lero ku Germany filimuyi siionetsedwa mwachisawawa, ndipo bungwe la Friedrich-Wilhelm-Murnau-Stiftung limaipereka pokhapokha pali katswiri woyamba walongosola mbiri yake ndi kutsogolera zokambirana.