Sabata yonse ndakhalira kusamutsa magemu pa ma PlayStation

Ntchito yanga kwenikweni ndi yokonza mafoni ndi malaputopu pano pa Kasungu boma, koma makina a magemu akhala akubwera pang'onopang'ono mpaka pano ena amangonditchula kuti wa ma PlayStation uja. Sabata yathayi mafoni ndinamusiyira mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito, ine ndinali pa magemu basi, ndipo dandaulo linali limodzi paliponse, malo atha, gemu yatsopano ikukana kulowa. Nyengo ino ndalama za fodya zikuyenda, eni timashopu ta magemu akuwonjezera makina, ena akukatenga ma disc atsopano ku Lilongwe, nde makinawo akungodzadza.

Lolemba m'mawa anabwera achimwene ena amene ali ndi kashopu ka magemu chakufupi ndi depoti, PS4 Slim atayikulunga mu chitenje. Akuti amisiri, makinawa analemba 500GB koma magemu ochepa okha akuti yadzadza, kodi sanandibere? Ndinawauza kuti sanakubereni ayi, pa 500 paja makinawo amadyapo gawo lawo la system, inu amakusiyirani 400 ndi kakanthu. Ndiye taganizani, FC 24 ilimo, GTA V ilimo, Mortal Kombat, Call of Duty yomwe payokha imadya malo a magemu angapo, Red Dead Redemption 2 nayonso imafika cha m'ma 100GB. Ndipo chomwe anthu ambiri sadziwa ndi choti ngakhale gemu ili pa disc, PS4 imayikopera yonse m'kati, disc ija imangotsala ngati umboni woti gemuyo ndi yanu. Kuwonjezera apo apudeti ikabwera makinawo amafuna malo ena opanda kanthu oti agwirirepo ntchito, nde munthu umaona kuti malo alipo koma yokha ikukanabe.

Zomwe amachita achimwenewa zinandiwawa mtima kumva. Akafuna gemu yatsopano amafufuta ina, ana akayamba kufunsa yofufutidwa ija amayibwezeretsa, kenako apudeti yake yonse kuyambiranso kudawuniloda ndi bandulo ya pa foni, usiku wonse foni ili pawindo kusaka netiweki. Anzathu akunja kufufuta gemu si nkhani chifukwa intaneti ya m'nyumba imabweza pa maola ochepa, koma kwathu kuno gemu yomwe yalowa kale ndi maapudeti ake onse ndi ndalama zomwe munthu walipira kale, kuifufuta ndi kutaya ndalamazo. Ndalama zomwe achimwenewa awotcha pa mabandulo chaka chino zikanagula kalekale hard drive yakunja, kabokosi kosungiramo magemu kolumikiza pa USB. Ndinawauza choncho, osabisa.

Ndinawalembera pa kapepala zoti akayang'ane pogula. PS4 inayamba kulola kusewera magemu kuchokera pa hard drive yakunja mu 2017, pa system software 4.50, ndiye makina alionse omwe analandirako apudeti kuchokera nthawi imeneyo amatha. Koma imafuna USB 3.0 kapena yoposa apo, kukula kwake kuyambira 250GB osapitirira 8TB. Kafulashi ka 64GB komwe mumasungira nyimbo kaja ayi, sikangatheke. Ndinawauzanso kuti akasuzumire m'kamwa mwa chingwe, za USB 3.0 zambiri m'kati mumakhala mobiriwira ngati mtambo, ngakhale zimenezo pazokha si umboni wokwanira masiku ano.

Lachiwiri anabwera nayo hard drive ya 1TB yabwinobwino, akuti sindinagule, inali kunyumba, ndi ya mayi akunyumba. Apa mpamene ndimaima kaye nthawi zonse. Ndinailowetsa pa laputopu ndisanaiyandikize ku PS4, ndipo munali vidiyo ya ukwati wawo, zithunzi za ana ali makanda, nyimbo za kwaya ya kutchalitchi, mapepala a kuntchito kwa mayiwo. PS4 ikamafomata hard drive kuti ikhale yosungira magemu imasesa chilichonse, ndipo ikatero kompyuta siithanso kuiwerenga mpaka mutaifomatanso. Ndinati achimwene, alamu akudziwa kuti mwatenga? Anangoseka. Ndinawauza kuti aimbe kaye foni, ine sindingafomate katundu wa munthu mwini wake asakudziwa. Anaimba, alamu anavomera koma anati chilichonse chisungidwe, ndiye tinayamba ndi kukopera zonse pa laputopu yanga, kenako pa mafulashi awiri omwe achimwenewo anakagula pompo. Zinatidyera m'mawa wonse koma vidiyo ya ukwati sungaidawunilode kwina kulikonse.

Ntchito yeniyeniyo ndi yaifupi kuifotokoza. Ukalumikiza hard drive umalowa pa Settings, Devices, USB Storage Devices, kusankha hard drive ija, nkudina Format as Extended Storage. Ikamaliza umabwerera pa Settings, Storage, System Storage, Applications, kudina batani la Options pa padi, Move to Extended Storage, kuchonga magemu omwe ukufuna asamuke, basi nkudikira. Kudikirako nde kumatalika, magemu akuluakulu amatenga nthawi ndithu, ndipo apa mpamene pali choopsa chathu cha kuno, magetsi. Akathima kusamutsa kuli pakati, mwayi ukakhala nawo umangoyambiranso, ukakhala wopanda mwayi makina amadzuka akudandaula kuti data yawonongeka. Ine sindiyamba ntchito imeneyi makina asali pa inveta ya mu shopu, batire itadzadza. Tsiku limenelo anathimadi chakumasana, ife sitinamve nkomwe, kamzere ka pa sikirini kanangopitiriza kuyenda.

Pali chinthu china chomwe ndimaonetsetsa kuti kasitomala wamva ndipo wandibwerezera. Chomwe chimasamuka ndi gemu yokha ndi maapudeti ake, ma save, omwe amasunga pomwe wosewera wafika, sasamuka, amatsala m'kati mwa makina. Anthu amaganiza kuti poti magemu ali panja nde zonse zatetezeka, pomwe hard drive ya m'kati ikafa Career Mode ya gemu ya mpira yomwe mwana wakhala akulipirira miyezi kuti timu yake ikwere yapita yonse. Njira yake ndi kafulashi wamba kofomata FAT32 kapena exFAT, nkupita pa Application Saved Data Management, kukopera ma save onse, amakhala aang'ono kwambiri. Ndinawauza achimwene kuti azichita zimenezi Lamulungu lililonse akamatseka. Kasitomala wamng'ono amene save yake yasowa sabweranso, amapita kwa neba.

Lachitatu ndinakwera minibasi kupita ku Santhe, kunali madala ena omwe anatsegulira mwana wawo kashopu ka magemu pafupi ndi golosale yawo. Iwo anali atagula kale hard drive kwa munthu woyendayenda nazo, pa katoni analemba 2TB, mtengo wake wotsika moti nditangomva ndinadziwa kuti pali nkhani. PS4 imaikana. Nditaiika pa laputopu imaonetsadi ma 2TB, koma pali kapulogalamu kotchedwa H2testw komwe kamalemba data mpaka kudzadza kenako nkuiwerenganso, ndipo sikanapite patali kanayamba kutulutsa zolakwika. Nditatsegula chikhokho chija ndinapeza kafulashi kakang'ono atakamata ndi guluu, pambali pake ataikapo kachitsulo kuti izilemera m'manja. Madala aja anangoti kukamwa yasa. Anati mwana wanga, ndiye ndalama zanga zapita? Ndinati zapita bambo, pepani, wakuberaniyo simumupezanso. Zimandipweteka chifukwa ndalama zimenezi ndi za fodya, munthu wavutika nazo kuyambira ku nazale mpaka ku okushoni. Ndinawauza kuti yeniyeni ya 1TB imaonetsa 931GB pa kompyuta, zimenezo ndi zabwinobwino asadabwe nazo, koma akagule mu shopu yoti ali ndi khomo lobwererako, ndipo auze wogulitsayo ailowetse pa kompyuta iwo akuona.

Komweko ndinapezanso vuto lomwe lili pafupifupi mu kashopu kalikonse. PS4 yoyamba ija ndi Slim zili ndi mabowo awiri okha a USB kutsogolo, Pro ndi yomwe ili ndi lachitatu kumbuyo, nde poti mapadi amafuna kutchaja tsiku lonse anyamata amaika ka hub kogawa mabowo. Hard drive ya magemu siilola kudutsa pa hub, imafuna bowo lakelake. Ndinamuonetsa mwana wa madala aja kuti bowo limodzi likhale la hard drive ikadzabwera, hub ipite pa linalo ndi mapadi ake. Ndipo asadzagule ziwiri kuti azilumikize pamodzi, PS4 imagwiritsa ntchito imodzi yokha pa nthawi imodzi.

Lachinayi nde kunabwera PS5, zomwe kuno sizichitika kawirikawiri. Aphunzitsi ena a chakumtunda ku Mtunthama, mng'ono wawo anawatumizira kuchokera ku Johannesburg. Anabwera ndi hard drive ya 2TB yeniyeni, atakonzeka kuti magemu onse apite panja azisewera ali komweko. Choyamba anali akuilowetsa pa bowo la USB lalikulu lakutsogolo, pa PS5 yoyamba ija bowo limenelo ndi lochedwa, la hard drive ndi lakumbuyo. Chachiwiri ndi chomwe chinawakhumudwitsa. PS5 inatuluka mu November 2020 ndi SSD ya 825GB, chosungira cha m'kati chothamanga kuposa hard drive, pomwe malo omwe mwini amagwiritsa ntchito ndi 667GB, ndipo kuyambira April 2021 Sony inalola kusunga magemu a PS5 pa hard drive ya USB, koma kusunga kokha, kusewera ayi. Magemu a PS4 amaseweredwa ali panja pompo popanda vuto, koma a PS5 anapangidwa modalira liwiro la SSD ya m'kati ija, USB siingafikepo. Ndinati aphunzitsi, itengeni ngati nkhokwe, chimanga chimasungika bwino mmenemo koma nsima simudyera m'nkhokwe, mumatapa kaye nkupita nacho kunyumba. Gemu mukaifuna mumaibweza m'kati, ndipo kubwezako ndi kwa mphindi chabe poyerekeza ndi kudawuniloda 80GB pa netiweki ya ku Mtunthama.

Anakhala chete kaye kenako anafunsa ngati palibe njira ina. Ilipo, PS5 ili ndi malo pansi pa chivindikiro oikapo SSD yachiwiri yotchedwa M.2, analola zimenezi mu September 2021, imeneyo nde magemu a PS5 amaseweredwa ali momwemo. Koma ikhale ya PCIe Gen4, Sony imalangiza liwiro la 5,500MB pa sekondi kapena kuposa, ndipo ikhale ndi heatsink, kachitsulo koiziziritsa, makamaka kuno komwe mwezi wa October chipinda cha malata chimawotcha. Ndi yodula, sindinawanamize, ndipo ndinawauza kuti kwa munthu wosewera magemu awiri atatu madzulo akaweruka, hard drive yomwe ali nayoyo ikukwana. Ndinawachenjezanso kuti ma save a magemu a PS5 salola kukopera pa fulashi ngati a PS4, amangopita pa intaneti kwa amene amalipira PlayStation Plus. Ine zimenezo sindigwirizana nazo, anapanga ngati dziko lonse lili ndi intaneti ya m'nyumba ndi khadi ya kubanki yogulira zinthu kunja.

Lachisanu achimwene a kudepoti aja anabweranso ndi nkhani ziwiri. Yoyamba, anayesa kutenga hard drive ija kukailowetsa pa PS4 yawo ina, magemu anaoneka onse koma ena ali ndi kaloko. Ndinawafotokozera kuti hard drive imanyamula gemu koma chilolezo ayi, ya pa disc imafunabe disc yake ilowe, yogula pa PlayStation Store imafuna akaunti yomwe inagula. Phindu lake lilipo ndithu, makina achiwiriwo safunika kudawunilodanso chilichonse, koma gemu imodzi siisanduka ziwiri. Yachiwiri, mwana wina pofuna kutchaja foni anangozula chingwe cha hard drive masewero ali m'kati, makina anaima, atailowetsanso inayamba kuikonza yokha kwa kanthawi, mwamwayi zonse zinabwerera. Kuchotsa kwake koyenera ndi kugwira batani la PS mpaka Quick Menu ituluke, Sound/Devices, Stop Using Extended Storage, kapena kuthimitsiratu makina mpaka kagetsi kasiye kuphethira, osati Rest Mode yomwe makina amangogona osathima.

Koma ana a mu shopu ya magemu sungawaphunzitse menyu, nde madzulo ake ndinapita komweko. Hard drive tinaiika mu kabokosi kamatabwa koboola m'mbali kuti mpweya uzidutsa, tinakakhomera kuseri kwa TV, chingwe tinachimanga pa shelefu, chifukwa m'kati mwa hard drive zimenezi mumazungulira mbale, ikagwa ili pa ntchito yatha. Pakhomo tinaikapo ekisitenshoni yotchajira mafoni kuti asamayandikirenso makina. Ndinabwezanso FC 24 m'kati mwa PS4, poti imeneyo ndi yomwe imalowetsa ndalama kuyambira m'mawa mpaka usiku, hard drive itavuta tsiku lina bizinesi isaime. Ndinasinthanso Application Install Location, pomwe umasankha kolowa magemu atsopano, chifukwa ukangofomata makina amayamba kutumiza chilichonse chatsopano panja osakufunsa.

Loweruka kunabwera Xbox One imodzi, imeneyo siivuta, ukangolowetsa hard drive ya USB 3.0 imafunsa yokha ngati ndi ya magemu kapena ya mavidiyo, mnyamata wanga ndi amene anaichita ine ndikungoyang'ana, ndipo anayamba ndi kufunsa mwini wake ngati muli zithunzi. Madala a ku Santhe anaimba kuti apeza ina mu shopu ku Lilongwe, ya 1TB, anaiyesa pamaso pawo, ndipitanso mkati mwa sabata ino ndikaifomate ndikapukutenso fumbi mu fani ya makina awo yomwe imalira kwambiri. Mafoni aunjikana pa tebulo, eni ake ayamba kale kuimba.