Zikomo abale a ku Joni, achimwene achira khate

Abale ndi alongo a kuno ku Joni, makamaka inu a ku Rosettenville ndi ku Turffontein amene timapemphera limodzi, ndati ndithokoze poyera. Achimwene anga amaliza miyezi 12 akumwa mankhwala a khate, ndipo adokotala atsimikiza kuti achira. Eni ake andilola kulemba izi.

Choyamba ndithokoze mayi wachikulire wa mumpingo mwathu. Ife mawanga amene anawatuluka achimwene pamsana tinkati ndi zipere. Iwo atamva kuti pamawangapo ngakhale kutsina achimwene sakumva kanthu, anati tisazengereze, tipite kuchipatala, chifukwa izi anaziona ku Balaka ali mtsikana. Mayi, zala za achimwene zilipo zonse chifukwa cha inu.

Agogo athu aamuna analibe mwayi umenewu. Anakafika ku Utale, kuchipatala cha odwala khate ku Balaka, zala zitatha kale, nthawi imene mankhwala anali dapsone yekha, womwa zaka ndi zaka. Bungwe la LEPRA la ku Britain, lomwe linayamba mu 1924, litakhazikitsa ntchito yake ku Malawi m'zaka za m'ma 1960, linasintha kachitidwe: m'malo mosonkhanitsa odwala kumalo awoawo, antchito ake ankalowa m'midzi pa Land Rover ndi panjinga, n'kumapereka mankhwala munthu ali kwawo. Mu 1981 a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, anavomereza kuphatikiza mankhwala atatu: dapsone, rifampicin ndi clofazimine, omwenso achimwene alandira kwaulere kunoko. Pofika 1994 odwala ku Malawi anali osakwana mmodzi pa anthu 10,000 alionse. Vuto n'lakuti ambirife tinamva ngati khate latheratu, tinasiya kulilondalonda. Opalasa njinga aja mayina awo sindiwadziwa, koma nawonso ndikuwathokoza.

Zikomo a chipereganyu amene munatilipirira lendi achimwene atasiya maganyu. Zikomo anamwino amene simunatifunse zambiri. Koposa zonse, zikomo inu amene munapitiriza kudya nawo mbale imodzi pamene clofazimine anawadetsa khungu, anthu n'kumanong'onezana. Amene munatalikira sitikusungirani kanthu kukhosi, mantha tonse tinakula nawo. Ingodziwani kuti munthu akayamba mankhwalawa sapatsiranso anzake.

Achimwene abwerera kuntchito yomanga Lolemba. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi nonse mufike kunyumba, mlamu wanu akuphika nsima ya nkhuku.