Kufufuza mizu ya banja lanu ku Mchinji

Musayambire ku maofesi. Yambani ndi atsibweni kapena agogo aakazi, chifukwa kwa Achewa mbumba imayenda ndi mayi, ndipo manda a makolo kawirikawiri ali kuchikazi. Pemphani chilolezo, ikani foni pamkeka ijambule, kenaka funsani kuti, "Agogo, amayi anu anabadwira mudzi wanji, kwa mfumu iti?" Funsaninso maina onse a munthuyo: lapaubwana, lakuchinamwali ndi laubatizo.

Ambiri amasokonekera pa mfunda. Kukhala Phiri kapena Banda sikutanthauza kuti ndinu amagazi amodzi. A Phiri ali mbwee kuno mpaka ku Zambia ndi Mozambique. Komanso anthu ambiri polembetsa sukulu kapena ulendo wa WENELA (wokagwira ntchito kumigodi ya ku South Africa) ankangotenga dzina loyamba la bambo, mfunda nʼkutayika. Kwa Angoni, monga kwa mfumu Zulu ndi mfumu Mlonyeni, tsatirani mzere wa bambo.

Mukapeza mudzi, kapempheni kuona mabuku aubatizo ku parishi kapena ku mpingo wa CCAP. Ku National Archives ku Zomba fufuzani "Fort Manning", dzina lakale la Mchinji, ndipo dzina lakale la Chipata ku Zambia ndi "Fort Jameson". Atsamunda ankalakwitsa kalembedwe ka maina, choncho dzina limodzi liyeseni m'njira zingapo.