Dzimbiri la Pansi pa Motorhome: Penti Abwere Pomalizira

Motorhome, galimoto yokhala ndi kanyumba kogonamo pa ulendo, imanyenga maso. Mbali yake ya pamwamba, kumene kuli bedi, khitchini ndi kabafa, imapangidwa ndi aluminiyamu, pulasitiki wolimba ndi matabwa, zinthu zimene sizigwira dzimbiri lofiira limene tonse timalidziwa, choncho galimoto ya zaka 20 imatha kuoneka yoyera ndi yosalala kwa munthu amene akuiyang'ana ali chilili. Koma nyumba yonseyo yakhazikika pa chesesi ya chitsulo ya galimoto wamba yonyamula katundu, kawirikawiri Fiat Ducato, Peugeot Boxer, Ford Transit kapena Mercedes Sprinter, ndipo moyo wa galimotoyo uli kunsi kumeneko, kumene anthu ambiri sasuzumirako mpaka woyeza galimoto atawauza kuti zinthu zavuta.

Kuno ku Britain chimene chimadya zitsulo za pansi ndi mchere. Nyengo yozizira ikafika, makhonsolo amatumiza magalimoto omwaza mchere m'misewu kuti madzi asaundane, ndipo wambiri mwa mcherewo umakumbidwa ku mgodi wa Winsford ku Cheshire, umene unatsegulidwa mu 1844. Chitsulo chimachita dzimbiri chikakumana ndi madzi pamodzi ndi mpweya, koma madziwo akakhala ndi mchere ntchitoyo imafulumira kwambiri, komanso mchere umakoka chinyezi, moti matope amchere amene amatirira m'madigadi amakhala onyowa ngakhale kunja kutayera. Motorhome ili ndi tsoka lina lapadera, lakuti imayenda pang'ono n'kukhala miyezi yambiri itaima, nthawi zambiri pa udzu kapena pafupi ndi nyanja, pamene galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku imauma ndi mphepo komanso kutentha kwa injini. N'chifukwa chake makilomita ochepa pa mita ya motorhome sayenera kusangalatsa wogula mopitirira muyeso; galimoto imene yakhala pa kapinga zaka zambiri ikhoza kukhala yowola kuposa inzake imene yazungulira Ulaya yense.

Yanga inabwera kuchokera ku MOT, mayeso a chaka ndi chaka amene pafupifupi galimoto iliyonse yopitirira zaka zitatu imayenera kupimidwa nawo ku England, Scotland ndi Wales, ili ndi chenjezo lakuti pansi pake payamba dzimbiri ngakhale kuti silinafooketse chitsulo. Chenjezo lotero sililepheretsa galimoto mayeso, koma ndi belu loyamba. Lamulo lake ndi lakuti dzimbiri likafooketsa chitsulo chonyamula katundu mkati mwa masentimita 30 kuchokera pamene pamangiriridwa masipuling'i, chiwongolero, mabuleki kapena malamba a pampando, galimotoyo yalephera, ndipo penti wa mtundu uliwonse sangaipulumutse. Mbiri ya MOT ya galimoto iliyonse imapezeka kwaulere pa tsamba la boma la gov.uk mukangolemba nambala yake, ndipo munthu wofuna kugula motorhome akhoza kuona pamenepo chaka chimene mawu onena za dzimbiri anayamba kulembedwa.

Musanagule chitini cha penti, ntchito yoyamba ndi ya nyundo. Munthu amalowa pansi ndi tochi, kanyundo kakang'ono ndi sikuludiraiva, n'kumagogoda chitsulo chilichonse: mizati iwiri italiitali ya chesesi, zitsulo zopingasa, tizitsulo totuluka m'mbali timene timanyamula pansi pa nyumba, pomangirira masipuling'i, poikira jeke, ndi chitsulo chopingasa cha kutsogolo pansi pa radiyeta chimene chimalandira madzi onse a mumsewu. Chitsulo chabwino chimalira "ngwe" ndipo nyundo imadumpha. Chitsulo chodyeka chimayankha mogonthera, chimayoyoka zikhungwa zofiirira, ndipo mukachikankha ndi sikuludiraiva chimabonyoka kapena kubooka. Zikhungwa zimenezo zimaopsa kuposa mmene zilili, popeza dzimbiri limatenga malo ochuluka kangapo kuposa chitsulo chimene lachokerako, choncho mulu wa zoyoyoka pansi sukutanthauza nthawi zonse kuti chesesi yatha. Koma pamene pabooka pafunika wowotcherera kuti adule chowolacho ndi kuikapo chitsulo chatsopano, ndipo pa motorhome ntchito imeneyo ndi yofunika kusamala kwambiri chifukwa pamwamba penipeni pa chesesi pali matabwa a pansi pa nyumba, mawaya ndi mapaipi a gasi.

Za kukweza galimoto ndinena mwachidule, chifukwa palibe chokambirana. Ma motorhome ambiri amaloledwa kulemera mpaka makilogalamu 3,500, ndipo munthu sayenera kulowa pansi pa galimoto yotero itangotsamira pa jeke. Pafunika mastandi achitsulo olingana ndi kulemera kwake, pa simenti yosalala, matayala otsala pansi ataphikiridwa, gasi atatsekedwa pa botolo. Amene angathe kubwereka lifiti kapena dzenje la pa galaja achite zimenezo, popeza kupala dzimbiri chagada, mphuno ili pafupi ndi chitsulo, ndi ntchito yothyola khosi.

Gawo limene limatenga nthawi yaitali, ndipo ndi limene limagamula ngati pentiyo akhalitsa kapena ayi, ndi kuyeretsa. Pansi ponse pamatsukidwa ndi makina opopera madzi mwamphamvu pamodzi ndi mankhwala ochotsa girisi, makamaka m'madigadi ndi pamwamba pa mizati ya chesesi pamene matope amaunjikana osaoneka, kenako galimoto imasiyidwa masiku angapo kuti iume mpaka m'mphako. Kutsuka kuyenera kuyamba kupala kusanachitike, chifukwa bulashi ya waya ikadutsa pa oilo ndi mchere imangozipaka paliponse. Zikatero pamabwera girayinda yokhala ndi bulashi ya waya pa malo otambalala, dilu yokhala ndi kabulashi kakang'ono m'makona, ndi sandipepa pamene makina sakufika, mpaka chilichonse chotekeseka chitachoka ndipo chitsulo chayamba kuwala. Magalasi oteteza maso ndi masiki ya fumbi ya mlingo wa FFP3 n'zofunika, chifukwa timawaya ta bulashi timathothoka n'kuuluka, ndipo fumbi la dzimbiri limadzaza m'mphuno ndi m'tsitsi.

Chimene chinandichedwetsa kwambiri ndi phula lakuda, lofanana ndi la pamsewu, limene mwini wake wakale anapaka pansi ponse. Poliyang'ana linkaoneka lolimba ndi laukhondo, koma nditalifewetsa ndi mpweya wotentha n'kulowetsa chopalira, linkasupuka m'zidutswa zazikulu ngati dzanja, kunsi kwake kuli konyowa, chitsulo chili chofiira ndi chokumbikakumbika. Phula lotere likakalamba limauma n'kung'aluka timing'alu tosaoneka, madzi amchere amalowa pamenepo, ndipo sapezanso potulukira. Dzimbiri limagwira ntchito pansi pake monga chimachitira chiswe m'nsanamira ya nkhokwe, kusiya kunja kuli bwinobwino pamene mkati mwatha. Ndi chifukwa chake sindikhulupirira kotheratu galimoto yakale imene pansi pake pangopakidwa kumene zakuda zochindikala kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ngakhale wogulitsayo atalankhula zokoma bwanji.

Ngakhale mutapala motani, m'timaenje ta chitsulo mumatsalabe dzimbiri, ndipo apa ndi pamene mankhwala osandutsa dzimbiri amagwirira ntchito. Ena, monga Jenolite, amadalira asidi wa phosphoric amene amasandutsa dzimbiri kukhala gawo lolimba lotuwira. Ena, monga Fertan, amadalira asidi wa tannic amene amalisandutsa kukhala lakuda mobiriwira. Mumapaka ndi bulashi n'kuona ndi maso anu malo ofiira akuda pang'onopang'ono. Mankhwalawa amangofika pamwamba pokha, kotero kuti kuwathira pa chikhungwa chochindikala ndi kutaya ndalama, chifukwa kunsi kwake dzimbiri limakhala likadali lamoyo. Malangizo a pa botolo ayenera kutsatiridwa mmene alili, popeza ena amafuna kutsukidwa ndi madzi akatha ntchito pamene ena amafuna kusiyidwa kuti aume okha, ndipo kusokoneza ziwirizi kumachititsa kuti penti asagwire.

Tsopano penti. Kwathu tinazolowera red oxide, andakoti wofiira uja amene owotcherera a ku Ndirande kapena ku Mchesi amapaka pa mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo kumeneko amathandiza ndithu. Koma pansi pa galimoto yoyenda m'madzi amchere, ikumenyedwa ndi timiyala, andakoti yekha sakwanira, popeza amafuna penti wina pamwamba pake kuti atseke chinyezi. M'masitolo a kuno mumapezeka Hammerite, amene ndi wosavuta kupaka ndipo amakwanira pa tizitsulo ting'onoting'ono monga zogwirira matanki ndi sitepe ya pakhomo. Palinso POR-15 wa ku America, amene amauma mothandizidwa ndi chinyezi cha mumpweya n'kukhala wolimba kwambiri, ngakhale kuti sapirira dzuwa, ndipo akaumira pakhungu palibe sopo amene angamuchotse. Ozolowera amaika kapepala ka pulasitiki pakati pa chitini ndi chivundikiro chake kuti zisamatirirane mpaka kalekale. Pa mizati ya chesesi ine ndinasankha epoxy mastic, penti wa zitini ziwiri zimene mumasakaniza musanapake, wa mtundu umene amagwiritsa ntchito pa sitima ndi milatho. Maganizo anga ndi akuti ameneyu ndiye woyenera mtengo wake, chifukwa amagwira bwino pa chitsulo chopalidwa ndi manja ndipo madzi samudutsa msanga. Vuto lake ndi lakuti mukasakaniza wotchi yayamba kuyenda, choncho ndi bwino kusakaniza pang'onopang'ono, wokwanira mbali imodzi basi.

Bulashi imaposa chopopera pa ntchito imeneyi, chifukwa imakankhira penti m'timaenje ndi m'mphepete mwa zowotcherera, ndipo simwaza penti pa zinthu zosafunika. Kupaka kawiri kapena katatu mopyapyala kumaposa kupaka kamodzi mochindikala, ndipo m'makona ndi m'mphepete mwakuthwa, mmene penti amathawamo, mumayenera kuyamba kudutsidwa paokha. Nyengo nayo ili ndi mawu. Opaka zitsulo amatsatira lamulo lakuti chinyezi cha mumpweya chisapitirire 85 peresenti ndipo chitsulo chikhale chofunda ndi madigiri atatu pamwamba pa mlingo umene mame amayambira, ndipo mapenti ambiri sauma bwino kukazizira kufika pansi pa madigiri 10. Kuno zimenezi zikutanthauza kuti ntchitoyi ndi ya pakati pa Meyi ndi Seputembala, kuyambira dzuwa litakwera, osati m'mamawa pamene chesesi ikadali yozizira ndi yonyowa. Masiki ya fumbi siteteza ku fungo la penti. Pamafunika ina yokhala ndi zosefera mpweya wa mankhwala.

Pali malo amene penti ndi phula siziyenera kufikako: madisiki a mabuleki, ekizozi, masensa, mapaipi a labala, ndi nambala ya chesesi imene woyeza amafuna kuiwerenga. Mapaipi achitsulo a mabuleki ndi bwino kuwayeretsa n'kuwasiya ooneka, chifukwa woyeza sangaweruze paipi imene yakwiriridwa. Ma motorhome ena kumbuyo kwake amakhala ndi chesesi ya kampani ya ku Germany ya AL-KO, imene imaviikidwa mu zinki, ndipo kafumbi koyera kamene kamaoneka pa iyo ndi chizindikiro chakuti zinkiyo ikudyeka m'malo mwa chitsulo, monga inapangidwira. Penti wamba sagwira pa zinki, choncho chesesi yotero imangofuna kutsukidwa ndi kukonzedwa pokhapo pamene zinki yasupuka.

Zonsezi zikatha, theka la chitsulo limakhala lisanakhudzidwe, chifukwa mizati yambiri ndi yamphako ndipo bulashi singalowemo. M'menemo mumapoperedwa phula lofewa la mafuta, monga Waxoyl, Dinitrol kapena Dynax ya Bilt Hamber, kudzera m'kapaipi kowonda kamene mumakalowetsa pa mabowo amene alipo kale n'kumakakoka pang'onopang'ono. Chitini cha Waxoyl chikayamba chaikidwa m'ndowa ya madzi otentha, phulalo limasungunuka n'kuyenderera mpaka m'mipata ya pakati pa zitsulo zolumikizana. Limadontha kwa masiku angapo, choncho makatoni pansi ndi ofunika ngati mukufuna kukhala bwino ndi eni malo oimikapo. Timabowo totulutsira madzi ta pansi pa mizati tiyenera kutsegulidwanso ndi kawaya ntchito ikatha. Ena amakonda Lanoguard, wopangidwa ndi mafuta a ubweya wa nkhosa, amene ndi wosavuta kupopera koma amafuna kubwerezedwa chaka ndi chaka. Za oilo wakale wa mu injini, amene amakaniko ena amalangiza kuti apoperedwe pansi, sindigwirizana nazo: amafewetsa labala, amadonthera mumsewu, ndipo mvula imamutsuka msanga.

Abale amene amatumiza magalimoto a ku Britain kumudzi azikumbukira kuti mchere umene unalowa m'mphako kuno umakwera nawo sitima, ndipo ukakumana ndi mvula ya kwathu umapitiriza ntchito yake ngakhale kuti m'misewu ya ku Malawi simumwazidwa mchere. Kutsuka mphako ndi kuthiramo phula galimoto isananyamuke n'kotchipa poyerekeza ndi kuwotcherera chesesi ikafika.

Pa gawo lililonse ndinkajambula zithunzi pa foni: chitsulo chisanapalidwe, chitapalidwa mpaka kuwala, chitathiridwa mankhwala, ndi chitapakidwa. Woyeza wa MOT kapena munthu wodzagula galimotoyi m'tsogolo akadzaona penti watsopano pansi, ali ndi chifukwa chomveka chofunsira chimene chili kunsi kwake, ndipo zithunzizo ndi zimene zidzamuyankhe. Zimandithandizanso ine nyengo ya mchere ikatha, pamene ndimatsuka pansi ndi kufufuza malo amene miyala yaswa penti kuti ndiwapale ndi kuwapakanso.