Zikomo nonse amene munandisungira mpando

Loweruka lapitali ndinakhalanso pampando pa konsati pamaso pa anthu, chelo changa (chida choimbira cha nsambo chonga vayolini wamkulu) pakati pa mawondo, patatha miyezi 9 chithyokereni dzanja. Mauthenga amene mwanditumizira achuluka moti sindingathe kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndati ndilembe pano, aliyense atolepo pake.

Kwa amene nkhaniyi inakuphonyani: mu Januwale ndinaterereka pa ayisi ndikuthamangira sitima kuno ku Manchester, chelo chili kumsana. Pogwapo nzeru zonse zinali pa cheloyo basi, ndiye ndinatsamira dzanja lamanzere. Chelo sichinakandike ndi pang'ono pomwe. Dzanja ndi limene linathyoka pamfundo. Ndipo lamanzerelo ndi limene limadina nsambo, pomwe lamanja limangoyendetsa uta. Anandichita opaleshoni, nkundiika chikhakha, ine nkubwerera kunyumba kukayang'anizana ndi kalendala yodzaza ntchito mpaka Juni.

Anthu akamva zoti ndimaimba chelo amaganiza kuti ndili ndi gulu limodzi londilipira pakutha pa mwezi. Ayi ndithu. Ine ndi waganyu. Sabata imodzi ndikhoza kukhala kumbuyo mu okestra Lachiwiri, Lachitatu ndili kusukulu ndi ana ogwira uta ngati akugwira mthiko, Lachinayi ndili m'dzenje la kunsi kwa siteji kumene oonera opera sationa nkomwe, Loweruka masana ukwati, madzulo konsati ya anthu anayi m'tchalitchi chozizira. Pamaliro amakonda kupempha Le Cygne ya Saint-Saëns, kanyimbo ka mphindi zitatu ka 1886, ndipo ndakaimba kambirimbiri moti ndikhoza kukaimba ndili m'tulo. Waganyu akadwala, ndalama nazo zimadwala. Palibe amene amakulipira chifukwa chogona.

Chimene chinandiwawa kuposa ndalama chinali Elgar. Mu Malichi ndinayenera kuimba konsheto yake ya 1919, nyimbo imene chelo chimodzi chimatsogolera okestra, ndi kagulu kena ka m'tauni yaing'ono, ine kutsogolo, koyamba m'moyo wanga. Ndinali nditaikonzekera chaka chathunthu. Nyimbo imeneyi imayamba ndi chelo chokha, mwamphamvu, zala zitakanikiza nsambo zingapo nthawi imodzi, ndipo ine pa nthawiyo ndinkalephera kutsegula botolo la madzi. Aliyense woimba chelo akatchula Elgar amakumbuka Jacqueline du Pré, amene anaijambula mu 1965 nkusiya kuimba mu 1973 ali ndi zaka 28 zokha chifukwa cha matenda a mitsempha. Vuto langa linali laling'ono kwambiri poyerekeza ndi lake, ndikudziwa, koma usiku wa 3 koloko maganizo sayeza zinthu pa sikelo. Abambo a kunyumba kuno ndi amene akudziwa kuti ndinalira kangati. Zikomo bambo, chifukwa simunandiuzepo kuti ndisiye kulira. Munkangodzuka nkukateleka tiyi.

Zikomo kwa madokotala ndi manesi, makamaka mayi amene ankandiphunzitsa mafizo. Tsiku loyamba anandifunsa ntchito yanga, nditawauza anati sabata yotsatira ndibwere nacho chelocho aone mmene dzanja limakhalira. Sanaimbepo chida chilichonse, koma anagwada pansi nkuyang'anitsitsa chala chilichonse mmene chikupindikira, nkusintha mafizo onse kuti agwirizane ndi zimene anaonazo.

Amene anandibwezera kuimba ndi Bach, ndipo apa mundilole nditalikitseko. Chelo chili ndi nsambo zinayi, C, G, D ndi A. Bach analemba masuti 6, nyimbo za zigawo zingapo, a chelo chokha zaka pafupifupi 300 zapitazo, ndipo kwa nthawi yaitali anthu ankawatenga ngati zongoyesererapo zala, mpaka Pablo Casals, ali mnyamata wa zaka 13, anawapeza mu shopu ina ku Barcelona mu 1890. Anakhala nawo zaka zoposa 10 asanalimbe mtima kuimba ngakhale imodzi pagulu. Ine ndinawaphunzira ndili kusukulu ndipo ndinkaona ngati ndikuwadziwa. Chimene sindinachilabadirepo ndi ichi: kachigawo koyamba ka suti yoyamba kamangofuna chala chimodzi. G ndi D ndi nsambo zosadina, A chimodzimodzi, kwatsala B, amene umamudina ndi nkombaphala. Basi. Atandichotsa chikhakha, ndi kachigawo kokhako kamene ndinkakwanitsa, ndipo ndinakaimba m'mawa uliwonse kwa masabata awiri, khungu la kunsonga kwa chala litafewa ngati la khanda, nsambo ikucheka. Kachigawo kachiwiri kamawonjezera chala chapakati. Kachitatu kamaitana chala chachitatu. Kachinayi ndiye kamafuna kachala kakumapeto, ndipo pamenepo ndinaima mwezi wathunthu. Kachalako kankangonjenjemera, mawu otuluka ngati chitseko chosathira mafuta. Tsiku limene kanagwira bwino ndinaimbira foni amayi ku Zomba ndisanasambe nkomwe. Chigawo choyamba cha sutiyo chili ndi tizigawo 42. Ndinafika kumapeto kwake mu Julayi.

Amayi, inu mwandiseketsa nthawi imene kuseka kunali kodula. Chiyambireni simunavomere kuti chida changa chili ndi dzina. Kwa inu ndi kaligo wamkulu, ndipo mukakwiya ndi babatoni wa azungu. Mutamva za ngoziyo funso lanu loyamba linali lakuti, "Nanga bwanji sunangochigwera chigubucho?" Koma ndinu nomwe amene Lamlungu lililonse munkati ndiike foni patebulo ndiimbe pamene ndafika, ndipo munkamva kusiyana. Sabata ina munati, "Lero walira bwino kaligoyu, sakutsamwa." Mawu amenewo aposa zonse zimene aphunzitsi anga anandiuzapo. Zikomonso kwa amayi a mvano anzanu amene ankanditchula m'mapemphero ngakhale ambiri sanandioneko chichokereni ndili mtsikana.

Abale a kumudzi amene tili kuno, ndikusowa poyambira. Munagawana masiku osandiuza. Wina kubwera ndi nkhuku, wina nyemba, wina usipa umene anausunga mufiriji kuti adzadye pa Khirisimasi nkundipatsa wonse. Achemwali ena ankabwera Loweruka kudzaluka ana tsitsi, poti ndi dzanja limodzi ndinkangowasandutsa zisa za mpheta. Achimwene ena anandinyamula pa galimoto kupita ku mafizo maulendo osawerengeka osalandira ngakhale ya mafuta. Ndalama imene munasonkha mu Epulo inalipira lendi. Sinditchula maina poti ndikudziwa mungandikalipire.

Ntchito yoyamba yolipidwa inali ukwati mu Ogasiti, ndipo anzanga oimba chelo musaseke: inali Canon ya Pachelbel. Kwa amene simukudziwa, mavayolini amasangalala m'nyimbo imeneyi, koma wa chelo amaimba manotsi 8 okhaokha, kuwabwereza ka 28 mpaka mkwatibwi afike kutsogolo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuinyoza, ndikumaganiza za ndiwo zamadzulo ndikuimba. Tsiku limenelo ndinawerenga maulendo onse 28, misozi ili m'maso, akuchikwati nkumaona ngati ndakhudzidwa ndi chikondi cha ana awo.

Tsopano mnzanga uja, amene ukudzidziwa. Pantchito yathu ukasowa miyezi iwiri foni imasiya kulira, poti oitana ganyu amangoimbira amene wawayankha komaliza. Iwe unatenga ntchito zanga zonse zimene ukanatha, ndipo paliponse unkanena momveka kuti wangogwirizira, mwini mpando akubwera. Ana anga a sukulu unawaphunzitsa miyezi 6 nkundibwezera onse, osatsalako ndi mmodzi yemwe, ena akugwira uta bwino kuposa mmene ndinawasiyira, zimene zandipweteka pang'ono. Elgar uja unaimba ndiwe. Ndinakhala kumbuyo kwa holo, dzanja lili pachifuwa, nsanje ndi kunyadira zikulimbana m'mimba. Unaimba bwino kwambiri, ndipo lero ndikutha kunena zimenezi ndi mtima woyera.

Nchifukwa chake Loweruka lija, nditamaliza suti yoyamba ya Bach, ndinasankha kuti titseke ndi kwinteti ya Schubert ya 1828, imene analemba kutangotsala miyezi yochepa kuti amwalire ali ndi zaka 31. Oimba asanu, koma machelo awiri, zimene sizichitikachitika. M'chigawo choyamba muli malo amene machelo awiriwo amaimba limodzi, mawu ali moyandikana ngati anthu awiri a kwaya amene anakulira nyumba imodzi. Poyeserera tinkangodutsapo bwinobwino. Pa konsati penipeni ndinakuyang'ana, iwe nkuyang'ana kumbali, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Nyimboyi imatenga pafupifupi mphindi 50. Chakumapeto dzanja linayamba kulemera, manotsi awiri kapena atatu anatsetsereka, amene amadziwa anamva. Koma ndinafika.

Zikomo kwa anzathu atatu ena amene munayeserera nafe madzulo anayi osafunsa za malipiro, kwa akuluakulu a tchalitchi amene munatipatsa malo, ndi kwa bambo okonza zida amene anandisungira chelo mwezi woyamba, pamene kungochiona pakona kunkandidwalitsa. Pochibweza anali atachitsitsako nsambo pang'ono kuti zisavute kudina, ndipo anakana ndalama.

Dzanja silinabwerere mwakale kwenikweni. Kukazizira limauma, ndipo m'mawa ndimayamba ndaliviika m'madzi ofunda. Elgar adikire kaye, mwina chaka chamawa. Pakadali pano kalendala yayambanso kudzaza: ana a sukulu tikumana Lachitatu monga kale, ndipo mu Disembala ndili ndi Messiah wa Handel katatu, kumene wa chelo sapuma kwa maola oposa awiri pamene oimba pakamwa akusinthana. Amene mukufuna kubwera ndiuzeni msanga.

Komanso kukhitchini kwanga kuli makontena 14 ndi mapoto awiri osakhala anga. Poto wina ndi wa chivindikiro chofiira. Eni ake bwerani mudzatenge, ndipo musabwere mutadya, poti tsopano ndikutha kuvundula nsima ndekha.